Phiko lakumbuyo lokha pa 240Z ayi, achimwene

Achimwene, imani kaye. Chitseko chakumbuyo cha Datsun 240Z yanuyo musachiboole. Ndangoona chithunzi cha phiko (wing, lija loti mphepo izikanikiza kumbuyo kwa galimoto pansi) lomwe mukuti mukufuna kumanga musanapite ku track, bwalo lothamangitsira magalimoto, Loweruka, kutsogolo musanaikeko kalikonse, ndipo thupi langa lonse lachita tsemwe. Phiko lotero, lalitali chomwecho, pa galimoto ngati yomweyo, ndi limene linatsala pang'ono kundiphetsa mng'ono wanga. Akale m'gulu muno mukuikumbuka Z yanga yofiira ija, ena munkandifunsa kuti inalowera kuti. Nkhaniyi sindinkafuna kuikamba, koma lero ndikamba.

Galimoto imeneyo ndinaithera zaka 6. Dzimbiri la pansi ndinadula ndekha, injini ya L24 ija ndinaimasula mpaka bawuti yomaliza, ma carb (makabureta) ake awiri ndinalimbana nawo mpaka anayamba kupuma mofanana. Vuto linatsala limodzi, lomwe aliyense amene anathamangitsapo 240Z akulidziwa: ukadutsa makilomita 130 kapena 140 pa ola, mphuno ya galimoto imapepuka. Kukamwa kwake kutsogolo n'kwakukulu, mphepo imalowa yambiri n'kudzazana pansi pa boneti osapeza potulukira, ina imadutsa kunsi, ndiye zonsezi zimanyamula kutsogolo. Ndinkazidziwa bwinobwino zimenezi. N'chifukwa chake kwa mmisiri wina wa fiberglass ndinapitira air dam, chotchinga mphepo cha pansi pa bampala yakutsogolo, osati phiko.

Koma munthuyo pakamwa ndi pake. Anandionetsa zithunzi pa foni, magalimoto a mpikisano okhaokha. Akuti chikombole cha air dam sichinathe, ndidikire sabata ziwiri, koma phiko lilipo kale ndipo ndi limene limamatiza galimoto pansi. Ndinamufunsa kawiri, kawiri ndithu, kuti kodi lokha silisokoneza kutsogolo? Anaseka, n'kunena kuti wapanga ambirimbiri ndipo palibe anabwerapo kudzadandaula. Analimanga pa chitseko ndi mabawuti 4, kuboola chitsulo chopyapyala chija, kunsi osaikako ngakhale kachitsulo kolimbitsira, mawashala okha basi. Nditafunsa kuti lapendekeka madigiri angati, anabwerera m'mbuyo, n'kutsinzina diso limodzi, amvekere, "Apa ndiye pabwino."

Tsiku la track mng'ono wanga anakakamira kuti akwere nawo. Anandithandiza kupala dzimbiri zaka zonsezo, ndikanamukaniza bwanji? Tinavala mahelemeti, malamba gwa. Lap (ulendo umodzi wozungulira track) yoyamba ndi yachiwiri ndinkangotenthetsa matayala, ndipo kumbuyo kunkamveka kokhazikika moti ndinasangalala. Pa lap yachitatu ndinaponda moto. Track imeneyo ili ndi msewu wautali wowongoka, kumapeto kwake kachitunda kakang'ono, ukangotsika pali kona yokhotera kumanja yomwe kale ndinkaidutsa osagunda buleki, kungochepetsa moto pang'ono. Singano inali cha pa 165. Nditakwera kachitundako ndinakhotetsa chiwongolero pang'ono monga mwa nthawi zonse. Palibe. Galimoto inangopitirira kutsogolo ngati sindinaigwire n'komwe. Ndinawonjezera. Palibe. M'manja munalibe kulemera kulikonse, chiwongolero chikungozungulira ngati matayala ali m'malere pa jeke. Phula likutha, kapinga akubwera, kuseri kwake mpanda wa matayala opakidwa penti yoyera ndi yofiira, ndipo mpaka lero ndimaona lamba wakuda amene anawamangira pamodzi. Mng'ono wanga sanakuwe. Anangoti "achimwene", kamodzi kokha, motsitsa mawu.

Ndi mantha ndinachotsa phazi pa moto mwadzidzidzi n'kuponda buleki. Mphuno inagwa pansi, matayala akutsogolo n'kuluma phula nthawi imodzi chiwongolero chili chokhota kale kwambiri, ndiye galimoto inatembenukira kumanja ngati wina waikoka ndi chingwe, kumbuyo n'kutuluka. Tinazungulira kawiri. Mpanda, msewu, mpanda, fumbi kobo. Kenako phuu, ndi mbali ya kumanzere chakumbuyo, mbali yomwe anakhala iyeyo. Phiko linazuka n'kung'amba chitseko ngati chitini, galasi lakumbuyo linaphulika, tizidutswa take tinalowa m'khosi, m'malaya, paliponse. Kenako zii. Kunkangomveka chitsulo chotentha chikulira pang'onopang'ono, ndi fungo la petulo. Ndinamuitana dzina, osayankha. Ndinaitananso, ndinamugwedeza bondo. Mutu uli choweramira, helemeti itatsamira pa lamba, manja ali lende. Masekondi amenewo ndimawalotabe. Kenako anatsokomola n'kukoka mpweya mwamphamvu ngati munthu amene wangovuuka m'madzi. Nthiti ziwiri zinathyoka, chifuwa chonse chinachita mikwingwirima ya lamba. Ine dzanja lamanja linathyoka pamfundo chifukwa chiwongolero chinandikwapula ndisanachisiye, koma ululu wake ndinaumva tili kale m'ambulansi. Kukawauza amayi madzulo ake kuti mwana wawo womaliza wagonekedwa m'chipatala chifukwa cha ine, chimenecho sindichifunira munthu aliyense muno.

Nditatuluka ndinapita kwa mmisiri uja dzanja lili mu pulasitala. Sanafunse n'komwe kuti mwanayo ali bwanji. Mawu ake oyamba anali akuti ndinayendetsa molakwa, phiko lake linagwira ntchito, "si mwanena nokha kuti kumbuyo kunagwira?" Inde kunagwira! Vuto lake ndi limenelo! Kuchotsa phazi mwadzidzidzi ndinalakwitsa, ndimavomera, koma anandifikitsa pamenepo ndani? Ndinamufunsa kawiri iyeyo akuseka. Ndipo chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti zithunzi za galimoto yanga isanachite ngozi anapitiriza kuziika pa tsamba lake miyezi yambiri, kukopera nazo anthu ena, ine ndikumwetsa mng'ono wanga mankhwala chifukwa sankatha kudzuka yekha pabedi. Dzina sinditchula, malamulo a gulu ndimawalemekeza. Koma anthu oterewa ndi ambiri: kusalaza fiberglass amatha, penti imawala, za mphepo sadziwa kanthu, ndipo kunena kuti "sindikudziwa" kumawavuta kuposa kukuika m'manda.

Ndili chigonere ndinawerenga zambiri, ndipo ndinapsa mtima nditaona kuti nkhani yake ndi yapafupi. Phiko limakhala kumbuyo kwa matayala akumbuyo. Likakanikiza pansi, matayalawo amakhala ngati mwala umene waikapo thabwa: ukaponda mbali ino, mbali inayo imatukuka. Kuwonjezera apo, phiko lalitali limakokedwa ndi mphepo chakumbuyo lili m'mwamba, ndipo kukoka kumeneko kumatukulanso mphuno. Pa galimoto yomwe mphuno yake ndi yopepuka kale, yolemera kungopitirira tani imodzi pang'ono, mwawonjezera matenda pa matenda. Komanso mphamvu ya mphepo siikula mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Thabwa la mita imodzi m'litali ndi m'lifupi, mutaliimika moyang'anana ndi mphepo, pa 80 limakankhidwa ndi mphamvu yoposa makilogalamu 30, pa 160 yoposa 120. N'chifukwa chake ma lap awiri oyamba aja ananditonthoza pachabe. Ndipo taganizani katundu wotere atapachikidwa pa mabawuti 4 ndi mawashala.

Amene ankathamangitsa galimotozi zili zatsopano anayambira kutsogolo. A BRE, timu ya mpikisano ya Peter Brock ku America, amene 240Z yawo inapambana mpikisano wa SCCA C Production mu 1970 ndi 1971 John Morton ali pa chiwongolero, anali ndi spook, yomwe ndi air dam yawo, pansi pa mphuno, ndipo kumbuyo kaspoiler kakafupi, kamlomo kotukuka kumapeto kwa chitseko. A Nissan eni ake mu 1971 anatulutsa 240ZG ku Japan, ya mphuno yaitali ija timaitcha G-nose. Sanayambe ndi chiphiko padenga. Wina andiuza za ducktail, spoiler yotukuka ngati mchira wa bakha, ya Porsche 911 Carrera RS 2.7 yomwe inaonetsedwa ku Paris mu 1972, kuti si iyo inaikidwa kumbuyo? Inde, koma 911 ndi nyama ina, msana wake wotsetsereka umanyamula kumbuyo, ndipo 911 S inali italandira kale kaspoiler kutsogolo ducktail isanabwere. Anaziyesa mu wind tunnel, chipinda choyesera mphepo, osati ndi diso limodzi lotsinzina. Audi TT yoyamba ya 1998 nayo inkapepuka kumbuyo pa liwiro lalikulu, anthu anachita nayo ngozi, mpaka kampani inaziitanitsa n'kuikapo spoiler, kusintha suspension ndi kuwonjezera ESP, kompyuta yothandiza kuti galimoto isaterereke. Ngati kampani yonse ya mainjiniya inaphonya, mmisiri wa chikombole ndi ndani? Ngakhale chiphiko cha Countach chomwe tonse tinkachisirira tili ana chinkaichepetsera galimotoyo liwiro.

Ndiye mukandifunsa ine, galimoto yakaleyi musaimangire chiphiko chachitalicho. Bowo lililonse pa chitseko chimenecho ndi khomo la dzimbiri, komanso Z imadziwika kuti imakokera utsi wa ekizozi m'kati kudzera kumbuyo ngati malabala atha kapena pali mabowo, ndipo carbon monoxide sanunkha, mumangomva mutu ndi tulo. Musaboole chifukwa cha phiko limenelo.

Komabe musaisiye ndi mphuno yopepuka choncho, imeneyonso ndi ngozi. Ikani air dam kaye, yomangirira ku chitsulo cholimba cha chassis, osati kuipachika pa bampala ndi tima sikuluu. Tsekani mipata yozungulira rediyeta kuti mphepo yolowa idutse mu rediyetamo, osati kungodzazana pansi pa boneti, ndipo muziyang'ana singano ya kutentha ndi mabuleki, chifukwa air dam imasintha komwe mphepo yoziziritsa imapita. Kumbuyo kaspoiler kakafupi ngati ka BRE kakwana. Pa Z yomwe ndikumanga panopa ndaboola kale chitseko n'kukaika, ndi zitsulo zolimbitsira kunsi ndi sealant pa bowo lililonse, ndipo sindikudandaula.

Kuyesa kwake si kodula. Dulani tizidutswa ta ulusi wa ubweya totalika ngati chala, muzimate ndi selotepu m'mizere pa boneti, padenga, pagalasi lakumbuyo ndi pachitseko, mumangirire kamera. Pomwe ulusi wagona bwino kuloza kumbuyo, mphepo yamamatira. Pomwe ukuvina kapena kuloza kutsogolo, mphepo yalekana ndi galimoto, ndipo phiko mukaliika m'dera limenelo likungonyamula dzina. Matani tepi yoyera pa fenda pamwamba pa tayala lakutsogolo, mnzanu ajambule ali pambali mukudutsa pa liwiro losiyanasiyana, muone ngati mpata wa tayala ndi fenda ukukula. Pofuna kudziwa ngati chinthucho chikukubwezani m'mbuyo, fikani pa 120, chotsani giya, muwerenge masekondi mpaka 80, kupita ndi kubwera pa msewu womwewo kuti mphepo ya tsikulo isakunamizeni, mpweya wa m'matayala ndi mafuta zikhale chimodzimodzi. Yesani popanda, muikepo muyese, muchotse muyesenso. Zotsatira zoyamba ndi zomaliza zikasiyana, ndiye kuti zapakatizo musazikhulupirire. Ndipo chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, chonde. Mukaika air dam ndi spoiler tsiku limodzi simudziwa chomwe chathandiza ndi chomwe chawononga.

Liwiro muziwonjezera pang'onopang'ono, 10 pa lap iliyonse, ndipo chiwongolero chikangoyamba kupepuka bwererani ku pit, poimikira magalimoto pambali pa track. Chikakupepukirani muli kale pa kona, musachite zomwe ndinachita ine, phazi lichoke pa moto mofatsa, chiwongolero musachiwonjezere. Koma musadzinamizenso ndi kuyenda pa 80 n'kumati zili bwino, pamenepo mphepo sinayambe kulankhula. Muyenera kufika pa liwiro lomwe mudzayendepo, pa track, osati pa msewu wa anthu. Mmisiri musamukhulupirire chifukwa cha zithunzi zokha, ngakhale akuonetseni zingati. Komanso musamange nokha ngati simunawotchererepo zitsulo, pezani wodziwa, ndipo mumufunse kuti phikolo likanikiza makilogalamu angati pa 160. Akaseka, tengani makiyi anu muzipita.

Loweruka likubwerali pitani ndi galimoto momwe ilili, ndi ulusi ndi kamera basi, phikolo likhale m'katoni. Kanema wake mudzaike muno tidzaone limodzi pomwe ulusi ukuvina. Ndipo mpando wa pambali panu ukhale wopanda munthu, achimwene, ngakhale akuchondereni bwanji.