Mbozi ili ndi nyanga, tinyanga kapena timilongoti?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi ku pulayimale. Mwana wina wandifunsa ngati mbozi ili ndi "timilongoti" kumutu ngati gulugufe. Ndasowa poyambira, pa mawuwo ndi pa mboziyo pomwe.

Yankho: Aphunzitsi, mlongoti tiusiyire wailesi ndi mafoni. Tiziwalo tiwiri timene mphemvu kapena chiwala chimagwedeza kumutu ndi tinyanga, kamodzi ndi kanyanga. Mukangoti "nyanga" anthu aganiza za ng'ombe, ena mpaka za ufiti. Ndipo mukatero mawu otsatira agwirizane nato: tinyanga tiwiri tatifupi, osati "tinyanga ziwiri zazifupi" monga ndimamvera ena akunena.

Tsono mbozi ili nato ndithu. Kungoti ntating'ono zedi, ta mfundo zitatu zokha, tobisala m'mbali mwa kamwa, pafupi ndi timaso take. Popanda galasi lokuzira zinthu simungatione bwino. Ntchito yake ndi kununkhiza ndi kulawa tsamba isanayambe kudya. Tatitali ta gulugufe timaumbika mboziyo ili m'chikwa.

Chimene chimasokoneza anthu nchakuti mbozi zina zili ndi zinthu zooneka ngati tinyanga pomwe si tinyanga ayi. Tayang'anani ija imadya masamba a mandimu ndi malalanje. Mukaigunda pang'ono imatulutsa kanthu kofiirira ka mphanda kuseri kwa mutu, konunkha moipa, kenaka nkukabweza mkati. Nkoopsezera adani kameneko, ndipo ine ndingakatche kamphanda basi. Palinso mbozi zonenepa zokhala ndi kanthu kosongoka kumatako. Ana amati nyanga, ndipo pamenepo sindingawatsutse, pakuti kamafanadi ndi ya ng'ombe, koma sikanunkhiza kanthu. Mawu oti tinyanga muwasungire ta kumutu tonunkhizira tija, kuti ana asasokonezeke.

Kwa tizilombo tina nkhaniyi njosavuta. Mwana wa chiwala kapena wa mphemvu amaswa atafanana kale ndi make, tinyanga tili poyera, mapiko okha ndiwo amachedwa. Mphutsi ya ntchentche ndiyo yatsalira: ili ndi timatuza chabe kumutu. Pano mpomwe mawu awiri oti mbozi ndi mphutsi muyenera kuwalekanitsa m'kalasi, ngakhale poyankhula ambiri amawasakaniza. Mbozi ili ndi miyendo ndipo idzasanduka gulugufe, pomwe mphutsi ya ntchentche ilibe mwendo ndi umodzi womwe.