Kwa mchemwali amene akufuna kuyamba malonda a pakati pa Harare ndi kumudzi

Mchemwali wanga, mwandifunsa mmene malonda a pakati pa Harare ndi kwathu ku Malawi amayendera, komanso chimene munthu amachita akagula tikiti ya ndege yobwerera kumudzi koma ndegeyo n'kuchedwa kapena ulendo n'kulephereka. Mwanenanso kuti mpamba wanu ndi wochepa ndipo mukuopa kuti ungathere pa bwalo la ndege musanagulitse kanthu. Mantha amenewo ndi oyenera, ndipo ndikuyankhani mafunso onse awiri pamodzi, chifukwa amene wamvetsa mmene katundu, ndalama ndi masiku zimayendera pa malondawa ndi amenenso amadziwa chochita ndege ikapanda kunyamuka.

Katundu wambiri wa malonda amenewa sakwera ndege, amayenda pamsewu. Basi imanyamuka muno mu Harare n'kulowera ku Mutoko mpaka pa chipata cha Nyamapanda, kenako mumalowa m'dziko la Mozambique pa Cuchamano, mumawoloka Zambezi pa Tete, ndipo mumatulukira pa Zobue n'kulowa kwathu pa Mwanza. Opita ku Lilongwe ena amakhotera ku Calomue n'kulowera pa Dedza. Kuchoka ku Harare kukafika ku Blantyre ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 600, koma chimene chimadya nthawi si mtundawo ayi, ndi kutsika pa zipata, kudinditsa mapasipoti ndi kudikira kuti a kasitomu aone katundu wa basi yonse. Kuchokera kumudzi anthu amabwera ndi mpunga wa Kilombero, nyemba, mtedza, usipa wouma ndi zitenje, ndipo makasitomala oyamba kawirikawiri amakhala abale athu omwe a ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara, amene makolo awo adabwera kuno kalekale kudzagwira ntchito koma lilime silinaiwale ndiwo za kwawo. Pobwerera timatenga nsapato, mabulangete, mapoto, chakumwa cha Mazoe ndi zina zimene kwathu zikusowa pa nthawiyo. Zokolola za kumunda zimafuna zilolezo zake, choncho musanagule thumba n'limodzi lomwe, funsani kaye ngati mbewuyo ikuloledwa kutuluka m'dziko chaka chimenecho.

Pa za msonkho, phunzirani dongosolo la amalonda ang'onoang'ono la COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, limene pa chipata amangolitchula kuti STR. Ngati mtengo wa katundu wanu sukuposa malire amene adaikidwa, anapangidwa kapena kulimidwa m'dziko limene mukuchokera, ndipo ali pa mndandanda umene mayiko awiriwa adagwirizana, mumalemba fomu yosavuta ndipo simulipira msonkho wolowetsera katundu, ngakhale kuti misonkho ina monga VAT imakhalapobe. Sungani malisiti a chilichonse chimene mwaoda, chifukwa otolera msonkho, a MRA kwathu ndi a ZIMRA kuno, akapanda kuona lisiti amaika okha mtengo, ndipo mtengo wawo sukhala wokomera inu. Dongosolo limeneli adakonzera zipata za pamsewu, ndipo chimenechi n'chifukwa chinanso chimene katundu wochuluka sitimukwezera ndege.

Ndalama za malondawa ndi madola a ku America. Dziko la Zimbabwe linakhazikitsa ndalama yake ya ZiG mu April 2024, koma pooda katundu ambiri amafunabe madola. Kwathu kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anali atagulitsa katundu pa ngongole masiku amenewo anatolera ndalama zosakwanira kuodanso katundu yemweyo. Ndikunena izi kuti muone kuti phindu lathu limadalira masiku. Tsiku lililonse limene katundu wakhala osagulitsidwa, kapena inu mwakhala m'dziko la eni mukudya ndi kugona pa madola, limachotsa kanthu pa phindu.

Ndege timakwera pa zifukwa zochepa: maliro kapena matenda kumudzi, katundu wopepuka koma wamtengo wapatali amene mwini wake akumudikira tsiku lodziwika, kapena nthawi imene msewu wa ku Tete wavuta. Zimenezi zimachitika. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga mlatho wa pa mtsinje wa Revubue pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo kumapeto kwa 2024 zipolowe za pambuyo pa chisankho ku Mozambique zinasokoneza maulendo a pamsewu. Pa nthawi zotere aliyense amathamangira ndege, mipando imatha msanga ndipo mitengo imakwera.

Kuti musadabwe pa bwalo la ndege la Robert Gabriel Mugabe muno mu Harare, dziwani kuti ndege zopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre n'zochepa poyerekeza ndi za ku Johannesburg. Ndege imodzi yomweyo imazungulira mizinda ingapo pa tsiku, choncho ikachedwa m'mawa pa mzinda woyamba, kuchedwako imafika nako kwa inu madzulo. Nyengo ya mvula, kuyambira November mpaka cha mu April, mabingu a masana amatha kuimitsa ndege, ndipo oyendetsa ali ndi maola awo amene lamulo silowalola kupitirira, moti kuchedwa kukatalika ulendo umatha kusunthidwa mpaka mawa ngakhale ndegeyo ili bwinobwino. Pamene ndege zili zochepa, ulendo umodzi ukalephereka anthu onse a ulendowo amayenera kufunafuna mipando pa ndege zotsatira zimene zili kale ndi anthu ake, ndipo n'chifukwa chake kudikira kumatha kupitirira tsiku limodzi.

Kukonzekera kumayambira pa chidindo cha mu pasipoti. Ife a ku Malawi sitifuna viza polowa muno, koma a imigireshoni amalemba masiku amene akupatsani, ndipo ndikupemphani kuti musamagule tikiti ya tsiku lomaliza la masikuwo. Siyani masiku atatu kapena anayi otsala, chifukwa ndege ikalephereka pa tsiku lomaliza, mawa lake mumakhala mutaphwanya lamulo pa vuto limene simunaliyambitse ndinu. Chimodzimodzi ndi ndalama: musaode katundu mpaka dola yomaliza. Patulani ya malo ogona usiku uwiri, ya chakudya, ya galimoto yobwerera m'tauni, mtunda wa makilomita pafupifupi 15 kuchokera pa bwalo la ndege, ndi yokwanira kukwera basi ngati zitafika pamenepo, ndipo ikhale ya mapepala ang'onoang'ono popeza chenje cha madola chimavuta kuno. Pogula tikiti kwa ejenti, uzani kuti alembe nambala ya foni yanu ndi imelo yanu, osati zake, pakuti uthenga wosintha nthawi umapita kwa amene analembedwa, ndipo ndaonapo amayi akufika ndi zikwama zawo pa bwalo la ndege pamene uthenga wa kulephereka kwa ulendo unagona m'foni ya ejenti chiyambire dzulo lake.

Ngati ulendo wanu ukudzera mzinda wina, monga Johannesburg kapena Lusaka, gulani tikiti imodzi ya ulendo wonse. Matikiti awiri ogula padera amaoneka otchipa, koma ndege yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsani yachiwiri, a ndege yachiwiriyo amakuwerengani ngati munthu amene sanabwere, ndipo alibe udindo wokupatsani mpando wina mwaulere. Pa tikiti imodzi, udindo wokufikitsani kumudzi umakhalabe wa kampaniyo.

Tsopano tinene kuti mwafika, mwayezetsa zikwama, ndipo patapita maola alengeza kuti ndege sinyamuka. Anthu ambiri amaunjikana pa kaunta n'kumakalipa, pamene mipando ya ndege ya mawa ikupatsidwa kwa amene aima pamzere ndi pasipoti ndi tikiti m'manja. Imani pamzere nthawi yomweyo, ndipo muli pamzerepo imbirani ejenti wanu kuti naye ayese kumbali yake. Mukafika kutsogolo lankhulani mwaulemu, popeza mtsikana kapena mnyamata wa pa kauntayo si amene waimitsa ndege koma ndi amene angakupezereni mpando. Funsani tsiku ndi nthawi ya ndege imene akuikanimo ndipo akupatseni pepala lake, funsani ngati angakudutsitseni njira ina popanda kuwonjezera ndalama, ndipo funsani za chakudya ndi malo ogona. Makampani ambiri amapereka zimenezi ngati vuto lili lawo, monga ndege ikaonongeka, koma ngati chifukwa chili nyengo kawirikawiri amangokusinthirani tsiku basi. Pemphani kalata yachidule yotsimikiza kuti ulendo walephereka, yokhala ndi tsiku ndi chidindo. Kalata imeneyi imagwira ntchito kwa a imigireshoni, kwa a inshuwalansi ngati muli nayo, ngakhale kwa munthu amene munamulonjeza katundu.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachiganizira. Ngati munali mutadinditsa kale pasipoti kuti mwatuluka m'dziko, musangotsatira gulu n'kutuluka panja ayi. Dzerani kwa a imigireshoni kuti akonze chidindocho, ndipo muone ndi maso anu zimene alemba, chifukwa pasipoti yosonyeza kuti munatuluka pamene mukadali mu Harare idzakuvutitsani tsiku limene mudzanyamukedi. Zikwama zanunso funsani ngati akukubwezerani kapena zigona komweko, ndipo timapepala ta nambala za zikwama timene amamata kuseri kwa tikiti musatitaye.

Akakufunsani ngati mukufuna kubwezeredwa ndalama kapena kusinthiridwa tsiku, ganizani kaye musanayankhe. Ndalama za tikiti sizibwera m'manja pomwepo, zimatenga nthawi ndipo zimabwerera njira imene zinadzera, kutanthauza kuti ngati munagula kwa ejenti zidzafikira kwa iye. Mukavomera kubwezeredwa, kampaniyo yamasuka, ndipo malo ogona ndi ulendo wotsala zili kwa inu. Kwa wamalonda wa mpamba wochepa, kusinthiridwa tsiku n'kumene kumakhala kwabwino nthawi zambiri, pokhapokha ngati tsiku limene akupatsani lili kutali kwambiri moti basi ingakufikitseni msanga. Ngati ndi maliro ndipo akuti mudikire masiku awiri, ine ndinganene kuti pitani kokwerera basi ku Roadport kapena ku Mbare mukafunse basi ya m'mawa. Koma musachoke mwakachetechete. Auzeni a kampani ya ndege, ndipo alembe kuti mbali imeneyo ya ulendo yathetsedwa chifukwa cha kulephereka kwa ndege, apo ayi kompyuta idzakuonani ngati munthu wosabwera ndipo ikhoza kufafaniza ngakhale ulendo wanu wobwerera ku Harare.

Vuto lina ndi lakuti inu mwafika ku Kamuzu kapena ku Chileka koma chikwama chatsala. Zimachitika makamaka pa ndege zing'onozing'ono zikadzaza, kapena anthu a ulendo wolephereka akaphatikizidwa ndi a tsiku lotsatira. Musatuluke m'chipinda chotengera katundu musanalembetse fomu ya chikwama chosowa, imene amaitcha PIR, ndipo mutenge nambala yake. Malamulo a maulendo a ndege a pakati pa mayiko amapereka masiku 7 oti mudandaule molemba ngati chikwama chaonongeka, ndi masiku 21 ngati chinachedwa, kuwerengera tsiku limene mwachilandira. Chipukuta misozi chake chili ndi malire, ndipo sichiwerengera phindu limene mukanapeza, choncho mafoni, ndalama, mankhwala, malisiti ndi zolembera zanu za ngongole zikhale m'chikwama cha m'manja, pamodzi ndi chaja ndi chovala chosinthira. Chikwama cha m'manja nthawi zambiri chimaloledwa makilo 7 ndipo chachikulu makilo 23, koma onani pa tikiti yanu popeza makampani amasiyana, ndipo makilo opitirira amalipiritsa mtengo umene ungadye phindu la katunduyo.

Mukayamba kukhala ndi makasitomala okhazikika, katundu wolemera muzimutumiza pa basi kapena pa thiraki masiku angapo inu musananyamuke, kudzera mwa munthu amene amalonda anzanu akumudziwa, mutalemba mndandanda wa zonse, mutajambula matumbawo pa foni, ndipo kumudzi kukhale munthu wanu wokalandira. Mukatero, ngakhale ndege ikusungeni mu Harare usiku uwiri, katundu amakhala akugulitsidwa ku Limbe kapena ku Lilongwe. Kwa amene anakupatsani ndalama za oda, musamalonjeze tsiku limene ndege ikutera. Auzeni tsiku lachitatu kuchokera pamenepo, ndipo ulendo ukalephereka atumizireni uthenga pa WhatsApp nthawi yomweyo pamodzi ndi chithunzi cha kalata ija, asanayambe kukufunsani okha.