Ndikumuganizira kuti akuba simenti, ndimuchotse mawa?

FUNSO: Ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira nyumba ndipo ndinalemba antchito 6. Mnyamata amene amasunga makiyi a sitolo wagwira zaka 4, koma mwezi watha tinapeza kuti matumba 15 a simenti palibe. Anzake akuti ndi iyeyo. Ndikufuna ndimuuze kuti mawa asabwerenso, malipiro ake a mwezi uno ndigwire kuti ndibwezere simenti yanga. Kodi ndilakwa? — Mwini shopu, Lilongwe

YANKHO: Bambo, kupsa mtima kwanu ndikukumvetsa, simenti yakwera mtengo zedi. Koma chonde musachite zimenezo. Mutha kuluza ndalama zoposa matumba asowawo.

Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000, pa gawo 57, limafuna zinthu ziwiri musanachotse munthu: chifukwa chomveka, komanso kumupatsa mpata woyankhapo pa mlandu wake. Mabwana ambiri amagwa pa chachiwirichi. Ndipo nkhani ikafika kukhoti lomva milandu ya zantchito la Industrial Relations Court, si mnyamatayo amene adzavutike kutsimikiza kuti sanabe. Ndinuyo amene mudzafunsidwe kuti munamuchotseranji. Kuyankha kuti "anzake ndiwo anandiuza" sikungakupulumutseni.

Ndiye yambani ndi mabuku anu. Simentiyo inalowa liti, anailandira ndani, anasainira ndani? Kodi makiyi ali ndi iye yekha, kapena mlonda ndi achibale anu amalowanso m'sitolomo? Izi zikundidetsa nkhawa, chifukwa pamene makiyi amayenda m'manja mwa anthu angapo, wosalakwa ndi amene amalozedwa chala msanga.

Mukapeza umboni, mulembereni kalata yonena mlandu wake momveka: matumba angati, asowa liti. Mumuuze tsiku lodzamva mbali yake, ndipo mumupatse masiku angapo okonzekera. Mutha kumuimitsa kaye uku akulandira malipiro, makiyi n'kupatsa wina. Patsikulo abwere ndi mnzake ngati akufuna, amene akumunenawo alankhule iye ali pomwepo, nayenso awafunse mafunso. Wina azilemba zonse, pomaliza musainirane. Chigamulo chidzabwere pambuyo pa zimenezi, osati mulowe m'chipindamo kalata yomuchotsa ili kale m'thumba. Kukanena kupolisi ndi ufulu wanu, koma sikulowa m'malo mwa kumumva inuyo.

Za malipiro, musagwire. Masiku amene wagwira ntchito ndi masiku a tchuthi amene sanapite muyenera kumulipira pasanathe masiku 7 chichokereni. Mukamuchotsa motsata ndondomeko chifukwa cha kuba, ndalama za severance, zija zolipira zaka zimene munthu wagwira akachotsedwa ntchito, salandira. Koma khoti likapeza kuti munamuchotsa mopanda chilungamo, pa zaka 4 zakezo mudzapereka severance ya malipiro a masabata 2 pa chaka chilichonse, kuphatikizapo chipepeso chosachepera malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse, ndipo khoti litha kuonjezera. Iye ali ndi miyezi 3 yokadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, ya leba ija.

Chinanso: poti muli ndi antchito osachepera 5, aliyense ayenera kukhala ndi kalata yolembedwa yonena ntchito yake, malipiro, maola ndi tchuthi. Ngati simunawalembere, chitani sabata ino, ndipo m'kalata ya wosunga sitolo mulembemo kuti katundu aziwerengedwa Loweruka lililonse, anthu awiri n'kusainira.