Njinga yopanda chishalo ija musapite nayo kwa owotcherera

Achemwali, mwaswera bwanji ku Matawaleko? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali kumsika ndipo foni inazima. Uthenga wanu ndaumvera kawiri, zithunzi zija ndaziona zonse. Ndiye mukuti njinga imene alamu atumiza kuchokera ku Johannesburg yafika yopanda chishalo, magiya palibe, limu lakumbuyo ndi lokalikakalika, buleki ikulira moti anthu akutuluka m'nyumba, ndiye mukufuna mawa mupite nayo ku Mpondabwino akawotcherere chishalo ndi kaliyala kuti mnyamatayo azipitira kusukulu. Chonde, imani kaye. Musapite nayo kwina kulikonse mpaka ndibwere.

Njingayo sinawonongeke ayi, anaipanga choncho. Ndi ya masewera aja amati trials, munthu amakwera nayo pamwala, kudumphira pamwala wina, kuima ndi tayala lakumbuyo lokha, phazi osagunda pansi. Nthawi yonse amakhala ali chiimirire, ndiye chishalo chimangomugunda akamadumpha. Dzina mukuliona pa fulemupo, Monty, ndi kampani ya ku Spain imene anayambitsa bambo wina dzina lake Pere Pi, ndipo mwana wake, Ot Pi, anali katswiri wa dziko lonse pa masewerawa. Mwana wanuyo akudziwa chimene anapempha kwa bambo ake. Pa chinkhoswe chija ndinamupeza kuseri akuonetsa anzake mavidiyo a Danny MacAskill, wa ku Scotland uja anatchuka mu 2009 akuyendetsa njinga pamwamba pa mpanda wachitsulo ku Edinburgh.

Za kuwotchererazo, tengani maginito a m'sipika yakale muwagunditse pa fulemuyo. Mupeza kuti sakumata, chifukwa ndi aluminiyamu. Amisiri athuwa ndi akatswiri ndithu pa chitsulo, mageti, mawindo, njinga za kabaza, koma aluminiyamu ndi nkhani ina. Ikapsa ndi moto imafooka, ndipo idzathyokera pomwepo tsiku limene mwana ali m'malere. Komanso ngakhale mutaikapo chishalo, giya yake ndi yopepuka kwambiri. Njinga zazing'ono zoterezi zambiri zimakhala ndi mano 18 kutsogolo, 12 kumbuyo. Angapalase mpaka thukuta kamukamu, anzake oyenda mothamanga n'kumupitirira. Ya kusukulu tidzamupezera ina yakaunjika, imeneyo si nkhani yovuta.

Tsopano limulo. Mikwingwirima mukuionayo anaidula dala ndi giraindala kuti mipira ya buleki izigwira ngati yaluma. Pa njinga iyi buleki si yochepetsera liwiro monga timachitira potsika ku Ku Chawe. Ntchito yake ndi kuti akagwira, tayala liime pomwepo, osasuntha ngakhale pang'ono, chifukwa mwanayo akaima ndi tayala lakumbuyo pamphepete pa mwala, buleki ikangoterereka amagwa chagada, nkhongo pansi. Ndiye kulirako musadandaule nako, limu logayidwa limatero. Chimene ndikuopa ine n'choti wina angakuuzeni kuti mupakepo mafuta kuti isiye phokoso. Ayi, ayi. Mafuta, gilizi, ngakhale dzanja logwira mandasi, zisayandikire limu kapena mipirayo. Mipira imatha msanga pa limu lotere, ndiye imeneyo ndi imodzi mwa zimene alamu atumize.

Mwafunsanso za kachinyontho kakutuluka pa chogwirira buleki, kuti mwina muthire mafuta a mabuleki a galimoto. Apa mundimvetsetse bwino. Pachithunzipo ndaona kuti ndi buleki ya kampani ya Magura, mtundu wa HS33. Mkati mwa kapaipi kakudako mulibe waya, muli mafuta, ndipo mafuta ake ndi amene amati mineral oil. A galimoto aja olembedwa DOT 3 kapena DOT 4 amatupitsa timipira ta mkatimo, buleki yonse n'kufa, ndipo ina simungaipeze mu Zomba muno. Alamu afunse botolo la Royal Blood, ndi la a Magura eni ake, kabotolo kakang'ono kakwanira. Mwina wina akuuzani kuti ingochotsani muike mabuleki a waya. Taonani pa fulemu pamene yamangidwa, muona mabawuti anayi, awiri uku awiri uku. Buleki ya waya ya pamsika sikhala pamenepo popanda kachitsulo kena kolumikizira. Ndiye tikonze yomweyo. Mpaka titero, asakwere nayo pamwamba pa chilichonse, azingophunzira kuima malo amodzi pabwalo.

Dikirani, mvula yayamba, ndilowe m'nyumba. Eya.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi tcheni. Chipsera changa cha pachibwanochi mukuchidziwa, munandiperekeza ndinu kukasoketsa. Tcheni ndinagula chotchipa, cholumikizidwa ndi kapini kotseguka kaja, ndipo chinaduka nditaimirira pa mapedulo pa chitunda. Ine ndinkangokwera msewu wamba. Nanga uyu, amene aziponda ndi mphamvu zake zonse kamodzi n'kamodzi kuti adumphe? Tcheni chikaduka pamenepo thupi lonse limapita kutsogolo, nkhope pamwala. Ndiye chimene chabwera ndi njingacho sitikudziwa chagwira ntchito zaka zingati, ine ndikuti tichichotse basi. Ngati mukufuna kuona nokha, tengani tepi yanu yosokera ija, muyambire pakati pa pini imodzi muwerenge mapini 24. Pakhale mainchesi 12 ndendende. Pakapitirira ndi mamilimita 2, chatha chimenecho. Chatsopano chikhale cha kampani ya KMC chokhuthala, cha njinga ya giya imodzi, osati zopyapyala zija za njinga za magiya ambiri. Ndidzachilumikiza ndekha ndi pini yeniyeni. Ndipo fumbi lathu la m'chilimweli likasakanikirana ndi mafuta limadya tcheni ngati sandipepa, ndiye azichitsuka ndi palafini, kuumitsa, kudontheza mafuta pang'ono, kenako kupukuta ndi kansalu.

China, ndipo ichi muwauze onse pakhomopo. Pa njinga zathu fuliwilo, ija ya mano imalola tayala kuzungulira munthu asakupalasa, imakhala kumbuyo. Pa iyi ili kutsogolo, pa kalanka pomangidwa mapedulo, mkati mwa chitsulo chozungulira chija chotchinga mano. Ndiye tayala lakumbuyo likamazungulira, tcheni chimayenda nacho, ngakhale munthu asakupalasa. Kamdzukulu kanu kaja kamakonda kuzunguza matayala, kasayandikire, chala chingapite. Buluku lotaya miyendo nalonso ayi.

Fuliwiloyo auzeni aizungulize chobwerera mmbuyo pang'onopang'ono, awerenge kuti ikulira kuti the-the-the kangati pozungulira kamodzi. Za masewerawa zimafika 72, zina 108, pamene za pamsika ndi zowerengeka chabe. Kuchulukako n'kofunika chifukwa akangoponda pedulo pang'ono, tayala liyankhe nthawi yomweyo. Ikamadumpha, kapena ikamalira mosiyana pena, andiuze msanga. Asathiremo gilizi wolimba, amamata timano ta mkatimo tisabwerere. Mafuta opepuka okha.

Matayala, apa pali msampha. Anthu amati njingayi ndi ya mainchesi 20, ndiye mungaganize kuti tayala la BMX lilowa. Lakutsogolo inde. Koma lakumbuyo, njinga zoterezi zambiri limu lake ndi la 19. Werengani manambala a m'mbali mwa tayalalo. Mukaona 406, ndi saizi ya BMX, tilipeza kuno kapena ku Limbe. Mukaona 387, musataye ndalama ya minibasi, limenelo lichokere kwa alamu, Maxxis Creepy Crawler. Machubu a 20 amalowa, mugule awiri. Ndipo akapita kokapopetsa awauze kuti asalimbitse gwaa ngati la kabaza lonyamula matumba a makala. Likhale lofewa, lobonyeka ukalikanikiza ndi chala chachikulu, kuti lizikumbatira mwala. Likafewetsanso limu limatsina chubu, mupeza timabowo tiwiri toyandikana ngati polumidwa ndi njoka. Akaona zimenezo awonjezere mpweya pang'ono.

Masipoko ndi mabawuti ndidzamuonetsa ndekha, si zofotokoza pafoni. Chachikulu azipukuta fulemu sabata iliyonse n'kuyang'ana mowotchereramo, makamaka pakhosi ndi pafupi ndi kalanka. Kamzere kakuda ngati tsitsi kakaoneka, njingayo iime.

Ndalama imene munasungira chishalo ndi kaliyala ija mugulire chipewa cha njinga chomanga pachibwano, chatsopano, chifukwa chakaunjika sudziwa kuti chinagundapo kale. Zotchinga pamsongolo za mpira wa miyendo ali nazo kale, azivala, mapedulo amenewo ali ndi timisomali. Popanda chipewa asakwere, ndipo izi mumuuze kuti anena ndi amalume ake. Ndikudziwanso kuti maso ake ali pa miyala ya mu Mulunguzi. Dzinja lino ayi, miyala ili ndi ndere, komanso madzi amatha kutsika kuchokera kuphiri kuno kusanagwe dontho. Ayambire pabwalo panupo, ndimubweretsera matabwa awiri ndi chitsa.

Alamu, ngati mukumvera, lembani: mafuta a Magura, mipira ya buleki mapeyala awiri, tcheni, ndi tayala ngati achemwali atapeza 387. Ine ndifika Loweruka cha m'ma 9 ndi masipanala. Achemwali, mundisungire palafini pang'ono ndi mswachi wakale, ndipo mwini njingayo asachoke, ntchitoyo agwira ndi manja ake ine ndikuyang'ana.