Funsani Mmisiri: Galvanised kapena stainless, ndigule chiti?

FUNSO: Zikomo a Mmisiri. Ine ndili pa Kamwendo ku Mchinji kuno, ndimapanga chiponde ndi thobwa zogulitsa. Chaka chino geni yayendako nde ndikufuna ndikonze malo anga, ndipangitse tebulo logwirirapo ntchito, chosungiramo thobwa, sitandi ya thanki ya madzi komanso mpanda wa waya. Wowotcherera wa pamsika pano akuti zonse tipange za galvanised poti sizichita dzimbiri, pomwe achimwene anga ali ku Joni akuti ndisataye ndalama ndigule stainless basi. Nditafunsa mtengo wa stainless ku Lilongwe ndinangoti kakasi. Kodi zimasiyana pati?
Mayi wa chiponde, Kamwendo

YANKHO: Mayi, musamvere mmodzi yekha mwa awiriwa chifukwa zinthu mwatchulazi si ntchito imodzi ayi. Galvanised ndi chitsulo wamba chomwe achiviika mu zinki wosungunuka, wotentha pafupifupi madigiri 450, nde zinkiyo amakuta kunja kokha. Malata tafolera nyumbawa ndi omwewo, ndowa zachitsulo zotungira madzi chimodzimodzi. Zinkiyo ndi amene amayamba kudyeka chitsulo chamkati nkumapulumuka, olo pakandike pang'ono zinki wa m'mbalimo amatetezabe, koma tsiku limene wathe dzimbiri limalowa ngati pa chitsulo china chilichonse. Stainless siyokutidwa, anasakaniza chitsulo china choteteza ku dzimbiri chotchedwa chromium, osachepera 10.5 peresenti, m'chitsulo chonsecho, mudule mupale mkati ndi kunja nchimodzimodzi.

Tiyambe ndi thobwa poti apa mpamene sindifuna muphonye. Thobwa likagona limawawasa ndipo zowawasa zimasungunula zinki, zinkiyo nkulowa m'chakumwa, kakomedwe kamasintha ndipo akachuluka anthu amamva nseru, kusanza, m'mimba kupota. Nde thobwa, maheu, madzi a mandimu, tomato, mkaka, zonsezi m'chiwiya cha galvanised ayi ndithu, olo wowotcherera wanuyo alumbire bwanji. Apa achimwene akunena zoona. Koma ngati thumba silikulola, chigubu chapulasitiki chopangidwira zakudya chikwanira, bola chisakhale chija munali mankhwala a fodya kapena mafuta.

Tebulo nalo pamwamba pake, pamene mtedza ndi chiponde zimakhudza, payenera stainless, imatsukika bwino ndipo ngati tsiku lina mudzafune chizindikiro cha MBS, bungwe la boma loona za ubwino wa katundu, pa mabotolo anuwo owunika amayang'ana malo oterewa. Koma amene anati miyendo ya tebulo ikhalenso stainless ndani? Gulani shiti imodzi ya pamwamba, aipinde m'mbali, miyendo apange ya chitsulo wamba apake penti, mtengo utsika kwambiri.

Pogula funsani nambala, musangoti ndikufuna stainless. Ya zakudya yodziwika ndi 304, ili ndi chromium 18 peresenti ndi nickel 8 peresenti. Ilipo 316 yodula kuposa apo, imeneyo ndi ya malo a mchere wambiri ngati kunyanja yamchere, ku Mchinji kuno simukuifuna. Ndiye pali 201 yotchipa, imawala bwino m'shopu koma ikakumana ndi mchere ndi chinyezi imatuluka timadontho ta dzimbiri. Anthu amakonda kuyesa ndi maginito, akamata ndithu dziwani kuti si 304, mwina ndi 430 kapena chitsulo wamba chopukutidwa, koma asakupusitseni poti 201 nayonso maginito saigwira, nde onani chidindo pa shitiyo ndipo nambala ilembedwe pa lisiti. Potsuka musasiyepo Jik kapena kolorini usiku wonse, amaboola stainless timabowo ting'onoting'ono, tsukuluzani ndi madzi mupukute.

Tsono sitandi ndi mpanda, apa wowotcherera uja wawina. Zinthu zongokhala panja pa mvula ndi dzuwa galvanised imakhala zaka zambiri, makamaka kuno kopanda mphepo yamchere, kugula stainless ya sitandi nkuwotcha ndalama za mtedza chabe. Chofunika pa sitandi si kuwala koma kukhuthala kwa chitsulo, lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, thanki ya malita 5,000 ikadzadza ndi matani 5 ali pamwamba pa mitu ya ana anu. Timapaipi topyapyala tija amapangira mawindo musalole.

Vuto lili powotcherera. Moto umapsereza zinki, nde pamene alumikiza paja pamatsala chitsulo chosatetezedwa ndipo mukayenda m'matauni athuwa muona mageti ambiri ali bwinobwino koma pa mfundo pokha pali pofiira, dzimbiri likutsikira pansi. Muuzeni apale zinki asanawotcherere, akamaliza atsuke ndi bulashi yawaya apake penti ya zinki, m'mahadiweya amaitchula cold galv. Awotcherere panja pamphepo, utsi woyera uja umadwalitsa, usiku munthu amanjenjemera thupi kutentha kumayesa malungo. Anyamata ambiri amati tikamwa mkaka zatheka, mkaka suteteza mapapo. Ndipo pa shiti ya stainless ija agwiritse ma rod owotcherera a stainless ndi disiki yatsopano ya grinder, akatenga yomwe amadulira zitsulo wamba imasiya tizitsulo tomwe timachita dzimbiri inu nkumati anakugulitsani feki. Mabawuti a pa sitandi akhale a galvanised omwe.

Kena kakang'ono ngati mumalimanso, matumba a feteleza musawatsamiritse pa mpanda kapena pa miyendo ya sitandi, feteleza akanyowa amadya zinki msanga, ndowe ndi mkodzo wa nkhumba chimodzimodzi.

FUNSO: Ndine wa komiti ya mjigo kwathu kuno ku Santhe, Kasungu. M'mawa madzi amatuluka ofiira ndipo ma rod timangosintha, amadyeka mpaka kuduka. Tigule a stainless?
Bambo wa komiti, Santhe

YANKHO: Bambo, yambani mwayesa izi. Mukapopa m'mawa madzi nkuyamba ofiira kenako nkuyera ndowa zingapo zitadutsa, kawirikawiri ndi dzimbiri la zitsulo za mumjigo momwemo. Akamatuluka oyera koma nkufiira atakhala m'ndowa, nthawi zambiri ndi ayironi wa m'nthaka ndipo kusintha ma rod sikuthetsa zimenezo. Mijigo yambiri m'Malawi muno ndi ya Afridev, mapaipi ake ndi a PVC koma ma rod alipo a galvanised ndi a stainless, ndipo madzi akakhala a asidi, muyeso wake wa asidi wotchedwa pH kutsika pansi pa 6.5, a galvanised sachedwa kutha. Mmene mwafotokozeramu stainless ndi yomwe ikuyenerani, olo ndalama yake iwawe. Koma sinthani onse nthawi imodzi, mukasakaniza awiri atatu a stainless ndi akale aja m'madzi, a galvanised otsalawo amadyeka msanga kuposa kale. Itanani mekaniki wa mijigo wa m'dera lanu awerenge ma rod ndi angati, ndipo pemphani a ofesi ya zamadzi ku boma akuyezereni madziwo musanayambe kusonkhetsa anthu ndalama.