Funsani Amakaniko: Tatola dragster yakale m'shedi, tiyambire pati?

FUNSO: Zikomo amakaniko. Ine ndimagwira ntchito pa galaja ina kuno ku California, ndiye abwana anga agula chigalimoto china chachitali ngati bwato, akuti ndi dragster, galimoto ya mpikisano wa liwiro, ya m'ma 1960 yomwe yakhala m'shedi zaka kaya zingati. Injini mulibe, matayala akutsogolo ndi oonda ngati a njinga, mpando uli kumbuyo kwenikweni kuseri kwa ekiselo. Amene watigulitsa akulumbira kuti inali ya dalaivala wotchuka koma pepala alibe olo limodzi, nambala ya chasisi tafufuza paliponse osaipeza. Abwana akufuna sabata yamawa tichotse penti yonse ndi mchenga tipente yatsopano. Ine mtima ukukana koma chowauza sindikuchidziwa. Mbiri yake tingaidziwe bwanji, nanga kukonzako tiyambire pati?
Wowerenga wathu, California

YANKHO: Achimwene, mtima wanuwo ukunena zoona, agwireni mkono abwanawo asanayatse kompuresa. Penti imene akufuna kuphulitsa ndi mchengayo mwina ndiye chikalata chokhacho chimene galimotoyo yatsala nacho.

Momwe mwafotokozeramu, mwapeza mtundu umene eni ake amautchula kuti slingshot, injini kutsogolo, dalaivala kuseri kwa ekiselo miyendo itakhwanyula difu, ngati mwala uli mu legeni basi. Anapanga dala choncho kuti kulemera konse kupsinje matayala akumbuyo, poti mpikisano wake unali wongowongoka, mamita 402, magalimoto awiri, wofika msanga wawina. Ndipo pali chifukwa chake magalimoto amenewa anathera m'mashedi ambirimbiri. Pa 8 Malichi 1970 pa bwalo la mpikisano la Lions Drag Strip ku Long Beach, giyabokosi ya dalaivala wotchuka Don Garlits inaphulika akungonyamuka, galimoto yake Swamp Rat XIII inaduka pakati ndipo iye anataya gawo la phazi lakumanja. Atachira anabwera ndi ina ya injini kumbuyo, nkukawina nayo mpikisano wa Winternationals wa 1971 ku Pomona, ndiye pasanathe zaka ziwiri zitatu aliyense wa Top Fuel, kalasi yapamwamba kwambiri ya ma dragster, anali atasamukira komweko, ma slingshot nkusanduka sikirapu. Ena anagulitsidwa motchipa kwa anyamata a mipikisano ing'onoing'ono, ena anadulidwa, ena anangokolekedwa kudenga la galaja.

Za nambala ya chasisi musavutike mtima. Izi sizinatuluke mu fakitale ngati Ford kapena Chevrolet ayi, zinkawotchereredwa imodzi imodzi ndi amisiri monga Kent Fuller, Woody Gilmore, Don Long, Roy Fjastad, kapena abale a Logghe a ku Michigan, ndipo zambirinso anthu ankangopanga okha kuseri kwa nyumba. Mmisiri aliyense anali ndi dzanja lake. Kapindidwe ka paipi yoteteza mutu wa dalaivala, mabulaketi a injini, momwe anagwirizira ekiselo yakutsogolo, ngakhale maonekedwe a weld yeniyeniyo, madala amene anakulira m'mipikisanoyi akaona zithunzi zabwino amatha kukuuzani kuti ili ndi dzanja la uje. Ndiye ntchito yoyamba ndi kamera ndi tepi yoyezera, osati sipanala. Jambulani jointi iliyonse, bowo lililonse ngakhale looneka lopanda ntchito, chifukwa bowo lopanda bawuti limanena kuti apa panali thanki kapena pampu nthawi ina yake.

Yezaninso mtunda wa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Kumayambiriro kwa ma 1960 unkakhala cha m'mainchesi 110 kapena 120, pofika 1970 unali utadutsa 200, koma apa mpamene ambiri amapusitsika, poti eni ake ankadula chasisi nkulumikiza mapaipi ena kuti italike igwirizane ndi fashoni ya chaka chimenecho. Mukasisita paipi ndi chala nkumva kachotupa pakati, pamenepo panalumikizidwa, ndiye kuti kumbuyo kutha kukhala kwa 1963 kutsogolo kwa 1968, galimoto imodzi yomweyo.

Tsopano penti ija. Tengani sandipepa yosalala ndi madzi, sankhani malo amodzi pa bodi pafupi ndi pokhala dalaivala, mupale pang'onopang'ono ngati mukusenda anyezi, leya imodzi mwajambula, ina mwajambula. Pansi pake mumatuluka mitundu yakale, nambala ya mpikisano, zilembo za kalasi ngati AA/FD, nthawi zina dzina la galimoto lolembedwa ndi bulashi. Mukapeza chimodzi mwa zimenezi mwapata poyambira, mukhoza kukasanthula manyuzi akale a Drag News ndi National Dragster kapena magazini ya Hot Rod, komanso kufunsa ku nyumba yosungira mbiri ya NHRA, bungwe loyendetsa mipikisanoyi, ku Pomona konko, poti muli nayo pafupi, kapena ya Garlits ku Ocala, Florida. Wogulitsa uja mumupanikize anene amene anamugulitsa, ameneyonso anene wake, mpaka unyolo ufike kwa mwini woyamba. Ndipo changu pamalo abale, amene ankayendetsa zinthuzi pano ali m'zaka za m'ma 80, chaka chilichonse akuchepa.

Nkhani yoti inali ya dalaivala wotchuka ine ndimaimva ndi khutu limodzi. Pafupifupi chasisi iliyonse ya m'shedi akuti inali ya wotchuka, eti osatchuka aja ankathamanga wapansi? Chithunzi chakale chogwirizana ndi weld ndi mabowo a galimoto yanuyo ndiye umboni, pakamwa pokha ayi. Ikapezeka kuti inali ya anyamata wamba a ku Bakersfield kapena Fresno, ibwezereni dzina lawo lomwelo, musaiveke malaya a eni.

Mbiri ikadziwika mudzakumana ndi funso lovutitsitsa, loti muibwezere ku chaka chiti, popeza galimoto imodzi inkasintha penti, injini ndi mwini pafupifupi sizoni iliyonse. Ine ndimati sankhani chaka chimene muli ndi zithunzi zake zambiri ndipo mukakamire pomwepo, osasakaniza mawilo a 1964 ndi bodi ya 1969 chifukwa choti zonse zikukongola. Injini yake nthawi zambiri idzakhala Chrysler Hemi ya 392, imene fakitale inapanga mu 1957 ndi 1958 mokha, nchifukwa chake kuipeza lero ndi nkhondo, pamwamba pake bulowa (chopopera mpweya mu injini) ya GMC 6-71 yomwe poyambirira inali ya injini za dizilo, majekita opopera mafuta a Hilborn kapena Enderle, ndi maginito. Ikakhala ya kalasi yotsika mwina inali ndi Chevrolet yaing'ono, mabulaketi a injini adzakuuzani.

Chasisi isanalowe penti ipimidwe kaye. Mapaipi ake ambiri ndi a chitsulo cholimba chotchedwa chromoly, opyapyala, ndipo dzimbiri limadya mkati kunja kukuoneka bwinobwino, ndiye pezani munthu wa makina oyezera kuchindikala kwa paipi ndi ofufuzira ming'alu. Paipi yowola yokha ndiyo isinthidwe, ndipo chidutswa mwachotsacho musataye, chisungeni ndi chizindikiro. Mawilo akakhala a magnesium, monga a Halibrand, samalani kwambiri, amang'aluka ndi ukalamba ndipo fumbi lake likagwira moto madzi sazimitsa, amangoukolezera.

Abwana anu asalote zoti akathamanga nayo full. Malamulo a chitetezo a lero chasisi ya 1965 singawakwanitse pokhapokha mutaisintha mpaka osazindikirikanso, pamenepo mbiri mwaiphera dala. Ambiri amakonzera chionetsero chimene amati Cacklefest, chomwe chinayamba mu 2000 pa California Hot Rod Reunion ku bwalo la Famoso pafupi ndi Bakersfield. Galimoto amaikankha ndi inzake kumbuyo ngati kale, injini nkulilima pa mafuta amphamvu otchedwa nitromethane, nkungoima ikuthetheka moto m'mapaipi anthu misozi ili chuchuchu ndi utsi koma osasuntha. Olo pongoliza chabe, kumbukirani kuti miyendo ya munthu ili pambali pa klatchi, ndiye chophimba klatchi chikhale chatsopano chovomerezeka, chakale chija kolekani pakhoma.

Sabata yamawayo auzeni abwana kuti mchenga udikire mwezi umodzi, inu mujambule, muyeze, mupale kachigamba kamodzi ka penti. Mukaona zilembo zikutuluka pansipo mutitumizireko chithunzi, nafenso tikufuna tidziwe kuti inali ya ndani.