Galimoto yanu ilibe ludzu, mayi, ikudontha

Mayi wina wa ku Matawale, ku Zomba, walemba pa imelo. Ali ndi Toyota Sienta, ndipo Loweruka lililonse amathira madzi apampopi okwana theka la lita m'kabotolo ka pambali pa redieta. Sabata yatha akukwera phiri la Zomba kupita ku Ku Chawe ndi alendo, kanyali kofiira kanayaka pa dashibodi. Makaniko wawauza kuti coolant, madzi amankhwala othira mu redieta, ndi wa kumayiko ozizira, kuno madzi wamba akukwana, ndipo akufuna kuchotsamo thermostat, kachitseko kowongolera kutentha kwa injini, kuti injini "izipuma". Funso lawo nlakuti azithira madzi ochuluka bwanji, ndiponso kangati.

Mayi, musanafunse za kangati, dziwani kuti galimoto yabwinobwino siyimwa madzi. Njira yomwe madzi amadutsa, kuchoka mu redieta, kulowa mu injini, kudutsa ku hita nkubwereranso, ndi yotsekeka. Madzi akatentha amafufuma, ena nkuthawira m'kabotolo kaja kudzera pa kapaipi kakang'ono kochokera pakhosi la redieta. Injini ikazizira amayamwidwa kubwerera komwe anachoka. Nchifukwa chake mlingo wa m'kabotolo umakwera masana nkutsika m'mawa. Ukatsika pang'ono pakatha miyezi ingapo, palibe chodandaulitsa. Koma theka la lita pa sabata ndi malita 2 pa mwezi, pamene injini yaing'ono ngati yanuyo imasunga malita pafupifupi 5 okha. Madziwo akutulukira penapake, ndipo kuthira kwa Loweruka lililonseko kukungobisa bala.

Za makanikoyo, mawu akewo ndi ofala kwambiri m'magalaja a pansi pa mtengo, kuyambira ku Chinamwali mpaka ku Songani, moti anthu ayamba kuwatenga ngati lamulo. Chimene chimawasokoneza ndi mawu oti antifreeze olembedwa pabotolo. Nzoona kuti ku Japan komwe Sienta yanu inachokera, ntchito imodzi ya coolant ndi kuletsa madzi kuuma ngati mwala m'nyengo yachisanu, ndipo ife kuno ngakhale mu Juni pamwamba pa phiri vuto limenelo tilibe. Nzoonanso, ndipo izi ogulitsa sakonda kunena, kuti madzi wamba amanyamula kutentha bwino kuposa coolant. Koma nkhani siyithera pamenepo. Injini ya 1NZ yomwe ili m'ma Sienta ambiri akale ndi ya aluminiyamu, hedi ndi buloko yomwe. Redieta nayonso ndi ya aluminiyamu yokhala ndi mathanki apulasitiki, ndipo m'njira yomweyo muli zitsulo zina, mphira ndi chidindo cha pampu ya madzi. Zitsulo zosiyana zikakhala m'madzi otentha opanda mankhwala zimadyana. Coolant ali ndi mankhwala oletsa kudyekako. Madzi apampopi alibe. Pakapita chaka kapena ziwiri mukatsegula redieta mupeza madzi ofiirira ngati a mu Likangala mvula ikagwa, timachubu ta redieta tatsekeka ndi dzimbiri, mapiko a pampu adyeka.

Madzi apamjigo ndiye oipirapo. Kumunsi uku kolowera ku Jali ndi ku Kachulu, m'chigwa cha Chilwa, mijigo ina imatulutsa madzi amchere omwe ngakhale sopo sachita nawo thovu. Yang'anani mkati mwa ketulo yomwe yakhala ikuphitsa madzi oterowo, muone choyera chija chomwe chimamata pansi. Chomwecho chimamatanso m'timachubu ta redieta, tomwe ndi topapatiza moti ngakhale kamtengo ka machesi sikangalowe bwino.

Pali nkhani inanso ya kuwira. Madzi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere. Kuno ku Zomba tili pamtunda, ndiye amawira cha pa 97, ndipo mukafika ku Ku Chawe cha pa 95. Injini yoyenda bwino imakhala pakati pa 85 ndi 95. Mwaona kuyandikana kwake. Chimene chimapulumutsa injini ndi chitsekerero cha redieta, kachitsulo kaja komwe anthu amakaona ngati chivundikiro cha botolo chabe. M'kati mwake muli sipuling'i yomwe imapanikiza madzi, ndipo pamwamba pamalembedwa 0.9 kapena 1.1, mlingo wa kupanikizako. Chitsekerero chabwino pamodzi ndi coolant wosakanizidwa theka ndi theka chimakankhira kuwira kupitirira madigiri 120. Sipuling'i ikafooka kapena mphira wake ukang'aluka, madzi amayamba kubwata msanga, makamaka pachikweza chachitali chokhotakhota ngati cha ku Ku Chawe pomwe galimoto ikukoka mwamphamvu koma ikuyenda pang'onopang'ono, mphepo yolowa kutsogolo ili yochepa. Madzi obwatawo amasefukira m'kabotolo nkutayikira pansi, inu nkumati galimoto ikumwa. Pa zonse zomwe zingakhale zikudontha, chitsekerero ndiye chotsika mtengo, ndiye yambirani pamenepo.

Koma zoti achotse thermostat, kanani ndithu. Ichi ndi chizolowezi choipa kwambiri chomwe chalowerera m'magalimoto ochokera ku Japan, pamodzi ndi chinzake cholumikiza fani kuti izizungulira kiyi akangotembenuzidwa. Thermostat ndi kachitseko komwe kamatseguka madzi akafika cha pa madigiri 82. Ntchito yake ndi kufikitsa injini msanga pa kutentha koyenera nkuisunga pomwepo. Ikachotsedwa, injini imakhala yozizira nthawi yaitali, makamaka m'mawa wa mu Juni ndi Julaye kapena potsetsereka phiri. Kompyuta ya galimoto ikaona kuti injini idakali yozizira imapitiriza kuthira petulo wochuluka, ndiye mafuta amene mwawavutikira pamzere aja akungopserera. Oyilo naye safika potentha mokwanira, injini imatha msanga. Choipitsitsa nchakuti vuto lenileni, kaya ndi redieta yotsekeka kapena pampu yodyeka, limakhala lili pomwepo, langophimbidwa. Thermostat imafa, inde, imatha kukakamira yotseka nkuwiritsa injini. Kuiyesa nkosavuta: ikani m'poto wa madzi pamoto, iyenera kutseguka madzi asanayambe kubwata. Ikapanda kutseguka, gulani ina. Makaniko amene mankhwala ake a chilichonse ndi kuchotsa sakukonza galimoto, akuichepetsa ziwalo.

Chimodzimodzi za mazira aawisi, ufa wa curry ndi zina zomwe amathira mu redieta pofuna kumata podontha. Zimamata, sitikana. Zimamatanso timachubu tabwinobwino ndi hita yomwe. Ngati mwafera kutchire usiku kulibe wina, chitani zomwe mungathe kuti mukafike, koma mawa lake redieta ikatsukidwe.

Chinanso choti mudziwe, magalimoto ambiri ang'onoang'ono a mtundu umenewu alibe geji ya muvi. Ali ndi kanyali kamodzi kosonyeza kuti injini idakali yozizira ndi kena kofiira. Kofiirako kakamayaka ndiye kuti zinthu zafika kale patali. Choncho galimoto yotere imafuna maso anu pansi pa boneti kuposa yakale ya muvi ija.

Kuyang'ana mlingo

Chitani izi m'mawa injini isanalizidwe, galimoto itaima pamalo afulati. Pa kabotolo kapulasitiki pali mizere iwiri, F wakumtunda ndi L wakumunsi. Madzi akhale pakati pake, makamaka chakumtunda. Ngati pulasitiki yada moti simukuona, unikani ndi tochi ya foni kuchokera kuseri. Musadzazitse mpaka pakamwa, chifukwa madzi akafufuma adzasowa kolowera.

Musakhulupirire kabotolo kokha. Tsegulaninso chitsekerero cha redieta, injini ili yozizira ndithu, muone ngati madzi afika pakhosi. Zimachitika kuti kabotolo kali pa F koma redieta ili yopereweratu, chifukwa kapaipi kaja kang'aluka kapena kavalavu ka pansi pa chitsekerero kafa, ndiye madzi amapita koma sabwerera. Anthu ambiri aphetsa injini akuloza kabotolo kodzaza. Muli pomwepo tembenuzani chitsekererocho, muone mphira wake ngati wauma, watupa kapena wang'aluka.

Kenako lembani mzere ndi cholembera pa kabotolo pomwe madzi alekeza, ndipo usiku yalani katoni youma pansi pa injini. M'mawa katoniyo idzakulozerani mbali yomwe kukudontha. Madzi oyera opanda fungo odontha chakumbuyo kwa injini mukayatsa AC ndi abwinobwino, asakuopseni. Vuto la madzi apampopi apa nlakuti akadontha pa injini yotentha amauma osasiya chizindikiro, pamene coolant amasiya choyera kapena chapinki chouma ngati mchere pamalo pomwe akutulukira. Fufuzani kumapeto kwa mapaipi awiri aakulu pomwe pali makilampu, m'mphepete momwe thanki yapulasitiki yakumwamba imalumikizana ndi aluminiyamu, ndi pansi pa pampu ya madzi pomwe pali kabowo komwe kamalira misozi chidindo chikatha. Finyani mapaipi ndi dzanja. Lofewa ngati nthochi yakupsa kapena lotupa kumapeto lasala pang'ono kuphulika. M'kati mwa galimoto gwirani kapeti wa kutsogolo. Akakhala wonyowa, pali kafungo kotsekemera, galasi likuchita nthunzi m'kati, ndiye kuti hita yaboola.

Ngati kunja konse kuli kouma koma madzi akuthabe, mtima uyambe kugunda, chifukwa mwina akulowa m'kati mwa injini kudzera pa hedi gasiketi, chomatira cha pakati pa hedi ndi buloko. Zizindikiro zake: utsi woyera wosatha ku ekizozi ngakhale injini yatentha kale, thovu lotuluka mosalekeza pakhosi la redieta injini ikulira, injini kunjenjemera poiliza m'mawa, mapaipi kulimba gwa injini itangolira mphindi zochepa, ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka pa dipisitiki. Popeza kanyali kofiira kanayaka kale, pemphani galaja yomwe ili ndi pampu yoyesera kuti ipope redieta mpaka pa mlingo wolembedwa pa chitsekerero nkuona ngati muvi wa pampuyo ukutsika. Ndi ntchito ya mphindi 15, ndipo imathetsa kulosera.

Zoti muthire, Toyota ili ndi coolant wapinki wobwera atasakaniza kale, yemwe sathiridwanso madzi ndipo amasinthidwa pakatha makilomita 80,000 kapena zaka 5 ukachotsa woyamba wa kufakitale. Ilinso ndi wofiira wosasungunula, wosinthidwa pa makilomita 40,000 kapena zaka 2, monganso obiriwira ambiri akale. Mtundu wa maonekedwe si umboni, ndi utoto chabe, ndiye werengani pabotolo ngati ndi wothira momwemo kapena wofuna kusakaniza. Wosasungunula asakanizidwe theka ndi theka ndi madzi osungunula aja othira m'mabatire, osati asidi chonde, funsani kawiri pogula. Coolant asachepere gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo musathire yekhayekha poganiza kuti ndiye mphamvu, chifukwa wopanda madzi sanyamula kutentha bwino. Mitundu yosiyana musaiphatikize, ina ikakumana imapanga phala.

Galimoto yanu yakhala pa madzi wamba nthawi yaitali, ndiye kungothira coolant pamwamba nkutaya ndalama. Podontha pakonzedwe kaye. Kenako atsegule kampopi ka pansi pa redieta, atsuke ndi madzi oyera kangapo mpaka otuluka ayere. Mu buloko mumatsalira madzi otsukira, choncho yambani ndi kuthira coolant wosasungunula wokwana theka la malita omwe buku la galimoto likunena, nkudzazitsa ndi madzi a batire. Injini ilire chitsekerero chili chotsegula, hita ili pa kutentha kotheratu, mpaka mapaipi onse awiri atenthe, fani izungulire, thovu lileke. Mpweya wotsalira m'kati umawiritsa injini yomwe ilibe vuto lina lililonse. Tsekani, dzazani kabotolo mpaka pa F, ndipo muonenso m'mawa kwa masiku atatu. Musadabwe pakatulukira podontha pena patsopano. Si coolant waboola, ndi dzimbiri lomwe linatseka bowolo lachoka.

Kanyali kofiira kakayakanso musanakonzetse, zimitsani AC, yatsani hita mwamphamvu, pezani pokhotera pabwino muime ndi kuzimitsa injini. Dikirani mphindi zosachepera 30. Musathire madzi ozizira pamwamba pa injini, hedi ya aluminiyamu imapindika. Musatsegule chitsekerero mapaipi akadali olimba, madzi ake amatuluka ngati kasupe nkusupula khungu la nkhope ndi manja. Akafewa, phimbani ndi nsalu yokhuthala, tembenuzani pang'ono mpaka pomwe chimaima koyamba, mpweya uthe, kenako tsegulani. Pamenepo madzi oyera aliwonse ndi abwino kuposa kuyenda wopanda, ingothirani pang'onopang'ono.

Coolant wotsala musamusunge m'botolo la zakumwa. Ndi wotsekemera, wamtundu wokopa ngati sobo, koma ethylene glycol yemwe ali m'menemo amawononga impso ndipo amapha mwana kapena galu pa mlingo wochepa. Wakale wochoka mu redieta akhetseredwe m'beseni nkuthiridwa m'chigubu chotseka, asatayidwe pabwalo pomwe nkhuku zimamwa kapena m'ngalande yolowera kumtsinje.